Zitsamba zimathandiza usinini, koma sizichiza dzino lobooka

Abale ndi alongo a muno mu Dzaleka, ndine mmodzi mwa anthu ongodzipereka amene timayenda m'makomo kukamba za ukhondo. Pa mafunso amene ndimalandira, la dzino silisowa. Wina amandionetsa kabotolo ka mafuta a karafuu, wina masamba a nimu, wina kamtengo kotsukira mano, ndipo onse amafunsa zofanana: kodi zimenezi zimagwiradi ntchito, nanga sizingandivulaze? Yankho lake ndi lakuti zina zimathandizadi, makamaka pa usinini wotupa, koma palibe chitsamba chimene chimatseka bowo la dzino kapena kuchotsa mafinya pansi pa dzino. Izi ndinaziphunzira movutikira ndili ku Tanzania, choncho ndiyambira komweko.

Zomwe zinatichitikira ku Manzese

Ndisanabwere kuno ndinakhala zaka zinayi ku Manzese, dera lodzaza anthu m'mbali mwa msewu wa Morogoro mumzinda wa Dar es Salaam. Ndinkakhala ndi mkulu wanga pamodzi ndi amuna ake m'nyumba ya lendi. Inu amene munadutsako mukukumbukira mlatho wa anthu oyenda pansi wa Manzese Darajani ndi malonda oyalidwa m'mbali mwa msewu. Pakati pa kaunjika ndi ziwiya pankakhalanso ogulitsa mankhwala azitsamba. Ankayala mitolo ya timitengo totsukira mano, mizu, makungwa, karafuu wouma ndi timabotolo tambiri topanda cholembedwa chilichonse.

M'chaka cha 2014, nthawi imene msewu wa Morogoro unkakonzedwa kuti mudzidzadutsa mabasi a mwendokasi, mlamu wanga anayamba kumva dzino lotafunira la m'munsi. Ntchito yawo inali yokankha ngolo ya nthochi kuchokera ku msika wa Mabibo, ndipo tsiku losagwira ntchito linali tsiku logona ndi njala. Komanso malamulo a ku Tanzania amafuna kuti othawa kwawo azikhala m'makampu, ife tinalibe mapepala okhalira mumzinda, choncho chipatala tinkachiopa. Anagula kabotolo ka mafuta onunkhira karafuu, n'kumanyowetsa thonje ndi kulifinyira m'bowo la dzino. Ululu unkaleka kwa kanthawi kenako n'kubwerera. Anachita zimenezi kwa milungu itatu, ndipo usinini wa mbali imeneyo unayera n'kuyamba kusupuka.

Tsiku lina ululu unatheratu. Tonse tinasangalala, mkulu wanga mpaka anakagula kabotolo kena koti tisunge. Patapita masiku ochepa tsaya linatupa, kutupako kunatsikira pansi pa chibwano, thupi linatentha, ndipo mlamu ankalephera kuyasamula ngakhale kumeza malovu. Amayi a eni nyumba atawaona anandikokera pambali n'kunena kuti, “Mwanawe, za mapepala muziona mawa, bambowa apite kuchipatala usiku uno.” Anatiperekeza okha. Kuchipatala anang'amba chotupacho, anachotsa mafinya, anazula dzinolo, ndipo mlamu anagonekedwa kupitirira sabata. Adokotala anatifotokozera kuti tsiku limene ululu unatha ndi tsiku limene mtsempha wa dzino unafa, ndipo matenda anapitiriza kuyenda mwakachetechete mpaka kutsala pang'ono kutseka njira ya mpweya. Mlamu ali moyo lero, koma ndalama zimene tinawononga zinaposa kutali za kuzula dzino tsiku loyamba.

Matenda awiri amene timawasokoneza

Tikati “m'kamwa mukuwawa” nthawi zambiri timasakaniza matenda awiri osiyana.

Oyamba ndi a usinini, amene ambiri timawatcha chiseyeye. Tsiku lililonse pa mano pamamata litsiro lofewa loyera, makamaka pamene dzino lakumana ndi usinini. Litsiro limeneli ndi mudzi wa tizilombo tosaoneka ndi maso. Likakhalitsa, thupi limatumiza magazi ambiri pamalopo kuti alimbane ndi tizilomboto, choncho usinini umafiira, umatupa, ndipo umatuluka magazi ukangokhudzidwa. Matendawa ali kunja, pamene mswachi ndi madzi ochukucha zimafika. Litsiro likamachotsedwa bwino tsiku ndi tsiku, kutupa kotere kumachepa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Likasiyidwa limauma n'kukhala ngati mwala, ndipo pamenepo ndi achipatala okha amene angalipale. Pakapita zaka fupa logwira dzino limadyeka, mano n'kuyamba kugwedera.

Achiwiri ndi kubooka kwa dzino. Tizilombo tomwe tija tikadya shuga timatulutsa asidi amene amasungunula chikopa cholimba cha dzino pang'onopang'ono. Bowo likafika pakati pa dzino pamene pali mtsempha, ululu umakula, umadzutsa munthu usiku. Mtsempha ukafa mafinya amasonkhana kunsonga ya muzu, m'kati mwa fupa la nsagwada. Kumeneko kulibe tsamba, muzu kapena mafuta amene angafikeko. Dzino lotere limafuna kumatidwa, kutsukidwa m'kati ndi dokotala wa mano, kapena kuzulidwa.

Ena amati m'dzino lobooka mumakhala kanyongolotsi, ndipo amafukiza njere za nthula kuti katuluke. M'dzino mulibe nyongolotsi. Tinthu toyera timene timagwera m'madzi ndi tizidutswa ta njere zomwezo zikaphulika ndi moto. Zipatso za nthula zili ndi poizoni, musaziike m'kamwa.

Vutoli si la ife tokha. Lipoti la bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO la mu 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa. Nawonso akatswiri sanyoza zitsamba. Ku yunivesite ya zaumoyo ya Muhimbili, mumzinda womwewo wa Dar es Salaam, kuli nthambi yofufuza mankhwala a makolo imene inayamba mu 1974, ndipo mu 2002 dziko la Tanzania linakhazikitsa lamulo loyendetsera ntchito za asing'anga. Koma kafukufuku wambiri wa zitsamba za m'kamwa amachitikira m'timbale ta mu labotale kapena pa nyama, ndipo amene wachitika pa anthu nthawi zambiri amakhala wa anthu ochepa komanso wa milungu yochepa. Chitsamba kupha tizilombo m'kambale sizitanthauza kuti chichiza dzino la munthu. Tiyeni tione zimene timagwiritsa ntchito kwambiri, chimodzichimodzi.

Kamtengo kotsukira mano

Kamtengo kodziwika kwambiri ndi kamene Aswahili amati mswaki ndipo Aluya amati miswak, kochokera ku mtengo umene akatswiri amautcha Salvadora persica. Ofufuza anayerekeza kamtengoka ndi mswachi wa m'sitolo, ndipo anapeza kuti kakagwiritsidwa bwino ntchito kamachotsa litsiro ndi kuchepetsa kutupa kwa usinini mofanana ndi mswachiwo. Mulinso madzi ake achilengedwe amene amafooketsa tizilombo. Kumadera a m'mphepete mwa nyanja ku Tanzania amayi amakondanso muzu wa mdaa, umene ku Mozambique amati mulala. Umenewu umasiya m'kamwa mofiirira, ndipo nawo wapezeka kuti umalimbana ndi tizilombo ta m'kamwa mu labotale.

Mphamvu yeniyeni ya kamtengo ili pa kukwecha litsiro. Sendani khungwa kunsonga, tafunani mpaka pakhale ulusi wofewa, ndipo tsukani dzino lililonse kuchokera ku usinini kupita kunsonga ya dzino. Musaiwale mbali ya ku lilime ndi mano a kumapeto, chifukwa kamtengo kowongoka kamavuta kufika kumeneko. Musakweche mwamphamvu chopingasa, usinini umabwerera m'mbuyo muzu n'kukhala pamtunda. Dulani nsonga yakale pakatha tsiku limodzi kapena awiri, kasungeni pouma, ndipo aliyense akhale ndi kake. Musathyole mtengo umene simuudziwa, makamaka wotuluka mkaka woyera monga nkhadze, chifukwa umawotcha m'kamwa ndi m'maso.

Karafuu

Karafuu ndi timaluwa touma tonga timisomali timene timathira mu pilawu ndi mu tiyi. Ku Tanzania amalimidwa kwambiri pa zilumba za Pemba ndi Unguja. Mafuta ake ali ndi mankhwala otchedwa eugenol, amene amachititsa dzanzi pa mtsempha ndi kuchepetsa kutupa. Madokotala a mano nawonso amagwiritsa ntchito eugenol, atamusakaniza ndi ufa wina, pomata dzino mongoyembekezera. Choncho amene amati karafuu amaletsa ululu sakunama.

Vuto lili pa mphamvu yake. Mafuta a karafuu osasungunula amawotcha usinini, lilime ndi tsaya, monga zinachitikira mlamu wanga. Akamwedwa amawononga chiwindi. Madokotala analembapo za ana aang'ono amene anakomoka ndi kuwonongeka chiwindi atamwa mamililita 5 mpaka 10 okha, kutanthauza supuni ya tiyi imodzi kapena ziwiri. Ngati ndinu wamkulu ndipo dzino lakugwirani usiku, njira yosaopsa ndi kuika karafuu wouma mmodzi pafupi ndi dzinolo kwa mphindi zingapo kenako n'kulavula. Ngati muli ndi mafuta ake, sakanizani dontho limodzi mu supuni ya tiyi ya mafuta ophikira, nyowetsani kathonje pang'ono, kaikeni pa dzino lokhalo. Chitani izi kuti mufike m'mawa, osati kuti mudutse mwezi. Kabotoloko kasungeni patali ndi ana.

Nimu

Mtengo wa nimu Aswahili amautcha mwarobaini chifukwa amati umachiza matenda 40. Nthambi zake zanthete anthu amatsukira mano kuyambira kale ku India ndi kuno ku Africa, ndipo kafukufuku wina waonetsa kuti madzi ochukucha opangidwa ndi nimu amachepetsa litsiro ndi kutupa kwa usinini. Kutsukira mano kanthambi ka nimu n'kulavula kulibe vuto kwa munthu wamkulu.

Mafuta a njere za nimu ndi nkhani ina. Ku Malaysia ndi ku India madokotala analandirapo makanda amene anamwetsedwa mafutawa pang'ono chabe, n'kuyamba kusanza, kukomoka ndi kugwa ngati akhunyu, ndipo ena anamwalira. Mwana asamwetsedwe mafuta a nimu ngakhale dontho. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asamwe madzi a masamba kapena makungwa ake.

Alovera, masamba a gwafa ndi madzi a mchere

Madzi oterera a m'kati mwa tsamba la alovera amaziziritsa tizilonda ta m'kamwa, ndipo ofufuza ena anapeza kuti amachepetsako kutupa kwa usinini. Koma madzi achikasu owawa amene amatuluka pansi pa khungu la tsambalo amatsegula m'mimba mwamphamvu. Muziwatsuka kaye, mutenge choyera cha m'kati chokha, ndipo mayi woyembekezera asameze.

Masamba anthete a gwafa ali ndi kakhambi kamene kamakungitsa usinini. Atsukeni, muwawiritse m'madzi oyera, mudikire azizire, musefe, muchukuche n'kulavula. Konzani atsopano tsiku lililonse, chifukwa madzi a zitsamba akagona amamera tizilombo tina.

Chosavuta kuposa zonsezi ndi madzi a mchere. Thirani theka la supuni ya tiyi ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, muchukuche katatu kapena kanayi pa tsiku. Amatsuka pachilonda, sawotcha, ndipo mchere uli m'nyumba iliyonse. Ngati mwangozulitsa dzino, dikirani tsiku lathunthu musanayambe kuchukucha kuti magazi oundana pabalapo asachoke.

Zimene zisalowe m'kamwa

Pali zinthu zimene ndaona anthu akuika pa dzino, ku Manzese ndi muno momwe, zimene zimangowonjezera bala pa bala. Adyo wosinja akagonekedwa pa usinini amawotcha mpaka kutulutsa matuza. Piritsi la asipulini loikidwa pa dzino silichiza dzinolo, limadya mnofu wa tsaya. Madzi a batire, palafini, petulo ndi mafuta a mabuleki ndi poizoni. Fodya wosinja woika m'kamwa, amene ku Tanzania amati ugoro, amapusitsa ululu koma amabweretsa khansa ya m'kamwa. Makala, phulusa ndi mchenga zimaoneka ngati zikuyeretsa, koma zimapala chikopa cha dzino, ndipo chikopa chimenecho sichimeranso.

Samalaninso ndi botolo lopanda cholembedwa. Tsamba limene mwathyola nokha mumalidziwa, koma madzi a m'botolo simudziwa kuti muli chiyani, ndi amphamvu bwanji, anathiramo madzi a pati, ndipo akhala padzuwa masiku angati. Mankhwala ovomerezeka amakhala ndi dzina la wopanga, zimene zili m'katimo, kagwiritsidwe kake ndi tsiku lothera mphamvu. Kuno ku Malawi bungwe loyang'anira mankhwala ndi PMRA, ku Tanzania ndi TMDA. Wogulitsa akakuuzani kuti botolo limodzi limachiza dzino, shuga, chinzonono ndi kusabereka, bwezani ndalama zanu m'thumba.

Ana, amayi oyembekezera ndi odwala matenda ena

Mwana wosakwana zaka 6 sadziwa kuchukucha n'kulavula, amameza. Choncho musamupatse madzi a zitsamba ochukucha, ndipo musapake mafuta a karafuu pa usinini wa khanda limene likumera mano. Kumusisita usinini ndi chala chosamba bwino kapena kansalu koyera konyowa n'kokwanira.

Ambiri amene tinadutsa ku Tanzania tinamvapo za “meno ya plastiki”. Khanda likatsegula m'mimba kapena kutentha thupi, ena amati vuto ndi timano toyera tooneka pansi pa usinini, ndipo amakatikolowola ndi waya kapena lezala, kapena kukwechapo zitsamba mpaka magazi. Timeneto ndi mano abwinobwino amene sanamere. Kuwachotsa kumataya magazi, kumalowetsa matenda, kumawononga mano a mtsogolo, ndipo kumachedwetsa chithandizo cha malungo kapena kutsegula m'mimba kumene kukudwalitsa mwanayo. Khanda lotentha thupi lipite kuchipatala.

Amayi oyembekezera ambiri amatuluka magazi mu usinini. Musaleke kutsuka mano poopa magaziwo. Tsukani mofatsa, chukuchani ndi madzi a mchere, ndipo mukanene ku sikelo. Odwala shuga usinini wawo umavuta kupola, ndipo usinini wodwala umavutitsanso kutsitsa shuga. Amene muli pa ma ARV kapena mankhwala ena a tsiku ndi tsiku, funsani kaye achipatala musanamwe chitsamba chilichonse, chifukwa zina zimasokoneza mankhwala m'thupi. Paja safunsa anadya phula.

Zizindikiro zoti musadikire

Pitani kuchipatala cha muno mu kampu tsiku lomwelo, ngakhale usiku, mukaona chimodzi mwa izi:

Tsaya, pansi pa chibwano kapena pafupi ndi diso patupa.

Mukulephera kuyasamula, kumeza kapena kupuma bwino.

Dzino likuwawa ndipo thupi latentha.

Pa usinini pakutuluka mafinya, kapena magazi sakuleka.

Mwana wamwa mafuta a karafuu kapena a nimu. Musamusanzitse, thamangani naye mutanyamula botololo.

Pitaninso pasanathe masiku awiri kapena atatu ngati dzino likukudzutsani usiku, kapena ngati linkawawa kwambiri kenako n'kungoleka lokha muli ndi bowo. Chilonda cha m'kamwa kapena chigamba choyera kapena chofiira chimene chatha milungu iwiri osapola chikaonedwenso, makamaka kwa osuta fodya ndi omwa mowa. Zimene sangazithe pano amatumiza ku chipatala cha boma cha Dowa, ndipo zikakula ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Podikira kuonana ndi achipatala, munthu wamkulu angamwe mapiritsi awiri a panado a mamiligalamu 500, koma asapitirire mapiritsi 8 pa maola 24. Musagule makapusozi pamsika n'kumwa awiri atatu. Mafinya akabisala pansi pa dzino amabwereranso mpaka dzinolo litathandizidwa, ndipo kumwa mankhwala mwachidule kumangolimbitsa tizilombo.

Za tsiku ndi tsiku

Tsukani mano kawiri pa tsiku, m'mawa ndi usiku musanagone, ndi mswachi kapena kamtengo, chimene muli nacho. Pa kupewa kubooka, chimene chatsimikizika kwambiri ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, amene amalimbitsa chikopa cha dzino. Mu 2021 bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwa anthu onse. Pogula yang'anani mawu akuti fluoride ndi nambala ya pakati pa 1000 ndi 1500 pa chubu. Ena olembedwa kuti ndi azitsamba alibe fluoride, choncho werengani. Safuna ambiri: kwa mwana wosakwana zaka 3 pakani ngati kanjere ka mpunga, kwa wamkulupo ngati njere ya nandolo. Mungapake ngakhale pa kamtengo. Mukamaliza lavulani osachukucha ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano.

Ndikudziwa kuti ndalama ya chithandizo imene timalandira imathera pa ufa, makala ndi sopo, ndipo kolugeti amabwera pamapeto. Ngati mwezi uno sizinatheke, kamtengo ndi madzi a mchere zikusungirani usinini. Chinanso chosafuna ndalama ndi kuchepetsa shuga. Masiwiti, mabisiketi, zakumwa zotsekemera ndi tiyi wa masupuni anayi zikamalowa m'kamwa pafupipafupi, dzino silipeza mpata wopuma ku asidi. Ndi bwino mwana adye chotsekemera pa nthawi ya chakudya kusiyana ndi kumangonyambita tsiku lonse.

Ine mpaka lero ndimatsukira kamtengo masana, ndipo karafuu sasowa m'kabati mwanga. Sindikuuza munthu kuti ataye nzeru za makolo ake. Ndikungopempha kuti chilichonse chigwire ntchito imene chingathe. Usinini ukafiira, tsukani bwino, chukuchani, muone ngati pakatha milungu iwiri pasintha. Dzino likabooka kapena nkhope ikatupa, nyamukani. Ife ku Manzese tinachedwa chifukwa cha mantha a mapepala, koma muno vuto limenelo palibe. Ngati mnansi wanu wamanga nsalu kutsaya ndipo akuti akudikira kuti chiphwe chokha, muwerengereni nkhaniyi, kapena itanani mmodzi wa ife ongodzipereka a m'dera lanu kuti timuperekeze.